Tinsalu Tofiira ta Njira ya ku Dambo

Pa holide ya giredi teni amayi ananditumiza kwa amalume, ati ku Boma ndachuluka nzeru. Amalume ankagwira ntchito pa kampu ya anthu ofufuza za madambo ndi nkhalango, kumtunda kwa Kavalamanja. Ntchito yawo inali kutsogolera alendowo m'thengo.

Nthawi yotentha mitengo ya mupani imayoyola masamba, nkhalango yonse n'kumangofanana. Choncho ofufuzawo anamanga tinsalu tofiira m'mitengo, kuchokera pa kampu mpaka pa dambo pomwe ankayeza madzi. Panali madamu ena a ku Lusaka amene ankayenda maso ali pa tinsaluto basi, ngati mbuzi yotsata madeya. Ine manja anayamba kuyabwa.

M'mawa wina ndinamasula tinsalu ta kumapeto n'kutimanga njira yangayanga, yoloza mbali ya dambo kumene matope amalekeza m'chiuno. Ndinkangofuna kuwaona madamu akusambira m'thope ndi mabotolo awo. Ndinabisala kuseri kwa chulu, phwete akundivuta kale.

Kenako ndinamva fungo longa la khola lonyowa. M'bango munathyoka kanthu. Zimene ndinkayesa milu ya matope zinakupiza makutu. Njovu zazikazi, kamwana kali pakati pa miyendo yawo. Kansalu kanga komaliza kankalendewera pafupi nazo, pamalo poti chitamba chikanatha kukathothola. Apo m'pamene ndinadziwa chifukwa chake njira yakale inkazungulira kutali.

Kumbuyo kwanga ndinamva nyimbo ya kutchalitchi ikubwera pang'onopang'ono. Anali madamu, okha, amalume atatsalira ndi katundu. Mphepo inkachokera kumsana kwawo, kunyamula fungo la sopo wawo kupita nalo kwa njovu.

Kukuwa sindikanatha, njovu yamwana siifunsa kuti wakuwa ndani. Ndinakwawa chamimba m'minga, mawondo akusupuka, mpaka ndinawagwira mwendo.

"Iwe mwana, n'chiyani?"

"Madamu, chete. Njovu. Osathamanga."

Anayang'ana kumene ndinkaloza, n'kundigwira phewa, zikhadabo kulowa m'mnofu. Njovu yaikulu inali itakweza chitamba, chikununkhiza uku ndi uku. Kenako chinaima, chitaloza ife.

Amalume anangotulukira pambali pathu, nsapato zili m'manja, thukuta lili kamukamu. Sanandiyang'ane n'komwe. Anatapa fumbi, kulisiya ligwe kuti aone kolowera mphepo, n'kutilozera ndi mlomo kukamtsinje kouma. Tinayamba kubwerera chafutambuyo. Ine phazi lililonse linkaswa masamba ouma ngati ndikuponda malata.

Njovu ija inalira. Kulira kumeneko ndinakumva m'mafupa. Inabwera, makutu tambalale, timitengo tikugona patsogolo pake, nthaka ikunjenjemera. Miyendo yanga inati tithawe, koma amalume anandigwira lamba. Inaima mwadzidzidzi, fumbi lake kutifika kumaso. Inapukusa mutu, kutiyang'ana ndi kadiso kofiira, n'kubwerera kwa mwana wake. Zina zimene zinachitika pamenepo akudziwa ndi kabudula wanga.

Tinayenda m'kamtsinje muja mpaka matenti ataoneka. Madamu anakhala pansi pamchenga n'kuyamba kulira, kenako kuseka, kenako kundikumbatira.

"Mwana uyu wandipulumutsa."

"Zoona, madamu," amalume anatero, atandigwira khutu mwachikondi kwambiri moti linatentha sabata yonse. "Manje mphwanga, tinsalu tija anasuntha ndani?"

"Anyani, amalume. Ndinawaona."

"Anyani a giredi chani, omanga mfundo ya tayi ya kusukulu?"

Madamu sanamve, anali kupukuta magalasi. Madzulo anandipatsa chitini chonse cha mabisiketi pamaso pa kampu yonse, amalume akuyang'ana kumwamba ngati akupemphera. Ndinawapatsako awiri. Anakana, ndiye ndinadya ndekha.