Galimoto Imene Sinkauma

Ackim Mkandawire ndagwira naye ntchito zaka zisanu ndi zinayi pamalo athu otsukira magalimoto ku Chiputula. Enafe timatsuka, iye amaumitsa. Amagwira bulowa, makina opemerera mphepo aja, n'kumathamangitsa madzi kuchokera padenga kutsikira pansi, poti kuno dzuwa silidalirika ndipo nsanza imasiya mizere. Amalowetsa mphepo kuseri kwa magalasi, m'zogwirira zitseko, ngakhale kuseri kwa nambala. Galimoto imene ine ndingati yauma, iye amaitulutsa madzi ena. Tinkamuseka kuti akanakhala namwino, bwenzi odwala akutuluka m'chipatala atauma gwa.

Koma pali galimoto imodzi imene inamulanda mtendere.

M'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itakuta tauni yonse, kunabwera a Meckson, bwana wa m'boma amene anali atangomusamutsira kuno kuchokera ku Lilongwe. Tinatsuka mothamanga poti anati achedwa kuntchito. Ackim atalozetsa bulowa m'timipata ta pansi pa nyali, munatuluka madzi ofiira, kenako kabatani ka yunifolomu yasukulu kanagwera pasimenti.

"Ndagunda mbuzi panjira," anatero a Meckson osamuyang'ana. "Umitsa, ndikuchedwa."

Ackim anaumitsa. Masana tinamva kuti Marjorie, mwana wa a Zondiwe Nyirenda a ku Masasa, wagundidwa popita kusukulu, wamwalira, ndipo woyendetsa wathawa. Apolisi ankasaka galimoto yamagazi. Magaziwo Ackim anali atawauluza ndi manja ake.

Kumaliro anapita, bokosi ananyamula nawo, koma pakamwa anatseka. Anali mantha basi. Ankati ndani angamvere wotsuka magalimoto n'kusiya bwana wa tayi?

A Meckson anapitiriza kubwera Loweruka lililonse, ndipo sankalola wina kugwira bulowa koma Ackim. Ankaima pambali pake, manja m'thumba, n'kumamuyang'anitsitsa. Ackim akafika kutsogolo kwa galimotoyo sankachokapo. Ankati pakudonthabe. Ine ndinkagwirapo, pali pouma, iye n'kumapemererabe. Anawonda, kwaya anasiya. Atandiululira patapita zaka zitatu ndinamukalipira kwambiri, kenako nanenso ndinakhala chete. Ndimachita nazo manyazi mpaka lero.

Chaka chatha a Meckson anawasamutsanso, galimoto n'kuigulitsa. Ndinamuuza Ackim kuti zatha, apume. Anangopukusa mutu.

Loweruka lina galimoto yomwe ija inakhotera pamalo pathu. Amene anatsika anali a Zondiwe, ndi akazi awo, mayi a Marjorie. Anali ataigula kwa munthu wina amene anaigula kwa a Meckson, ndipo sankadziwa kanthu.

"Monire, a Mkandawire," anapereka moni a Zondiwe akumwetulira. "Nafenso tapeza kathu. Mutiumitsire bwino chomene. Mawa tikupita nayo kumanda, tikavundukula chiliza cha Marjorie."

Ine siponji inandigwa m'manja. Komabe tinatsuka, awiriwo atakhala pabenchi. Ackim anayamba padenga monga mwa nthawi zonse, anatsikira m'magalasi, anazungulira zitseko zonse zinayi. Atafika pa nyali anaima. Anaima nthawi yaitali, kenako anazimitsa bulowa.

"Magetsi athima?" anafunsa a Zondiwe.

"Yayi, adada," anayankha Ackim, mawu akumveka pang'ono. "Galimoto iyi musapite nayo kumanda kwa mwana wanu."

A Zondiwe anaseka pang'ono, kuyesa nthabwala. Mayi a Marjorie sanaseke. Ananyamuka pabenchi paja, anayang'ana Ackim, kenako anayang'ana mpando wakutsogolo umene anakhalapo kuchokera ku Masasa.

"Nenani, adada," anatero mayiwo. "Ndakhala zaka zisanu ndikudikira munthu woti anene."

Ackim anagwada pasimenti yonyowayo n'kuyamba kufotokoza.