Kabotolo kamene ndinataya m'chimbudzi

Inu owerenga, ine ndine mayi wamasiye, ndipo umasiye umenewu mbali ina ndinauitana ndekha ndi pakamwa pangapa. Amene amandidziwa pa Chitakale, pomwe ndimagulitsa nthochi ndi zinanazi, angakuuzeni kuti ine sindichedwa kupsa mtima. Ukali umenewo ndi umene unanditayitsa kanthu kakang'ono kamene kakanapulumutsa amuna anga.

Amuna angawo, bambo a Lute, ankathyola tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje, ndipo tinkakhala m'nyumba za kampani. Kwawo kunali kutsidya kwa Muloza, ku Mozambiki. Anali munthu wofatsa mpaka kunyanya, woti ngakhale uwaponde phazi, opepesa amakhala iwowo. Chifuwa chinawayamba nthawi ya chiperoni, ndiye tonse tinangoti ndi kuzizira. Chiperoni chinatha, dzuwa linayamba kuswa mtengo, koma chifuwa osatha. Ankadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta, chakudya ankangochilawa, ndipo lamba wa thalauza anachita kuboola bowo lina.

Kuchipatala cha boma sindinafune kuti tipite. Ndinkanamizira mzere, koma chenicheni ndinkaopa maso a anthu. Choncho ndinawatengera ku kachipatala kolipira ka pa Chitakale pomwepo, ka mayi wina amene anapuma ntchito m'boma, yemwe tonse timangomuti adokotala. Ulendo woyamba anatipatsa mapiritsi, koma sanathandize. Ulendo wachiwiri ndinalowa nditamanga kale mfundo yanga: jakisoni basi. Inu mukudziwa mmene timaganizira, kuti kolipira ukachokako osabayidwa ndiye kuti wangotaya nthawi.

Adokotala anawapima pachifuwa, kenaka anati, "Mayi, lero sindibaya jakisoni. Chifuwa chokhalitsa chonchi timayamba tayeza makhololo, mwina ndi TB." Anatulutsa kabotolo kotsekera bwino, natifotokozera kuti iwo amagwira ntchito limodzi ndi chipatala cha boma. Wanjinga yamoto amadzatenga timabotoloto, zotsatira zimabwerera kwa iwo, ndipo akapezeka nayo, mankhwala ake ndi aulere, azidzalandirira pomwepo.

Ine zonsezo zinalowera khutu ili n'kutulukira linali. Chomwe ndinamva ndi TB basi. Kumene tinkakhala anthu ankati TB siyenda yokha, imayenda ndi matenda aja. Ndiye anthu akayamba kufunsana kuti wabweretsa m'nyumba ndani, chala chikanaloza yani ngati si mkazi wotandala pasiteji pakati pa madalaivala ndi makondakitala? Ndinawalalatira adokotala aja, Mulungu andikhululukire. Ndinati tabwera kudzagula mankhwala, osati kudzalandira kabotolo kopanda kanthu ngati ana. Bambo a Lute anangotenga kabotoloko mwaulemu n'kuika m'thumba.

Titafika kunyumba ndinakapeza m'thalauza lawo, ndipo ndinakaponya m'chimbudzi. M'mawa mwake ndinawaona akufufuza m'matumba ndi pansi pa mphasa, ine ndili duu ngati sindikudziwa kanthu. Kenaka ndinawakokera ku Chonde kwa bambo wina wobaya jakisoni kuseri kwa golosale, amene safunsa munthu funso lililonse. Anakhala ngati apezako bwino, ine n'kumadzitama kuti mwaona nanga. Sipanapite nthawi, m'makhololo munayamba kuoneka magazi.

Mbiri inafika kwawo, ndipo kunabwera alamu anga a Feliya, achemwali awo aakulu a bambowo. Atangowaona mmene anaondera analira, kenaka anandiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Pa chakudya cha masana analawa ndiwo, n'kufunsa mofatsa kuti, "Kodi mchere m'nyumba muno amathira ndani?"

Achinyamata mwina simungamve kulemera kwa funso limeneli. Makolo amati mkazi akathira mchere m'ndiwo ali kumwezi, kapena atayenda ndi mwamuna wina, amamudula mwamuna wake: amayamba kutsokomola, kuonda, mapeto ake kulavula magazi. Ndiwo mdulo umenewo. Chala chimene ndinkachithawa chija chinandipeza ndithu, chinangolowera khomo lina.

Kuyambira tsiku limenelo anandiletsa kuyandikira poto. Mchere anaumanga pansonga ya chitenje chawo n'kumayenda nawo. Akazi anzanga pampopi ankati ndikafika nkhani n'kuduka. Ndinalumbira, ndinalira, koma a Feliya anagamula kuti achimwene awo akupita nawo kumudzi kwa sing'anga wodziwa za mdulo. Apa m'pamene nzeru zinandibwerera, chifukwa ndinadziwa kuti akangowoloka malire ali chonchi, sindidzawaonanso amoyo.

Ndinathamangira kwa adokotala aja manyazi ali tho. Ndinkayembekeza kuti andibwezera mawu anga, koma ayi. Anangondipatsa kabotolo kena n'kunena kuti ndichite changu.

A Feliya ndi bambo a Lute ndinawapeza ali kale pasiteji, katundu atakwezedwa m'minibasi ya ku Muloza. Nditangotulutsa kabotoloko, a Feliya anandigwira dzanja n'kukuwa kuti, "Anthuni taonani! Wam'dula, tsopano akufuna makhololo ake akapangire mankhwala!" Anthu anatizungulira nthawi yomweyo. Ena ankati ndimenyedwe, kondakitala naye akumenya chitseko kuti tikuwachedwetsa.

Anandipulumutsa ndi odwala omwewo. Bambo a Lute anatsika pang'onopang'ono akugwirira chitseko, anatenga kabotoloko, n'kupita kuseri kwa minibasi. Tonse tinkamva mmene ankatsokomolera. Pobwera anakatseka bwinobwino, anandiika m'manja n'kundifumbatitsa, ndipo anati chapansipansi, "Mayi a Lute, aka kokha musakatayenso."

Inu owerenga, anali akudziwa. Nthawi yonse ija ankadziwa kuti kabotolo koyamba ndinataya ndine, koma sanandifunsepo ngakhale tsiku limodzi. Minibasi inanyamuka ine nditangoima, misozi ili chuchuchu.

Zotsatira zitabwera adokotala anandiimbira okha foni. Inali TB, ndipo anati ndikawatenge amuna anga msanga. Ndinawoloka malire pa kabaza, koma a Feliya anakana kwamtuwagalu, ati mankhwala a sing'anga asasokonezedwe. Zinatengera ankhoswe a mbali zonse ziwiri kukhalirana pansi, masiku akupita. Pomwe tinkafika nawo kuchipatala cha boma anali ochita kunyamulidwa. Anamwino anayesetsa, mankhwala anawayambitsa, koma matenda anali atadya kale mapapo. Anatisiya mvula yoyamba isanagwe.

Maliro atatha, adokotala aja sanandisiye. Anandiumiriza kuti ine ndi mwana wathu Lute tiyezedwe, poti tinkagona nyumba imodzi ndi wodwala. Ine sanandipeze ndi TB, ngakhalenso matenda aja ndinkawaopa. Koma Lute anamupeza nayo. Anayamba mankhwala nthawi yomweyo, tikukalandirira pa kachipatala komwe ndinalalata paja, ndipo anamaliza onse osadumphitsa. Lero ndi mtsikana wojintcha, amasewera mpira wamanja kusukulu. Ndikamuona akuthamanga ndimathokoza Mulungu, koma mtima umandipweteka, chifukwa mankhwala omwewo akanachiza bambo ake.

Ndiye ndikupempheni, abale anga. Chifuwa chikakana kutha musanamizire chiperoni, ndipo musathamangire kufufuza amene anathira mchere musanayezetse. Mukapita kolipira, amene akukupatsani kabotolo ndiye akukufunirani moyo, osati wongokubayani kuti musangalale. TB imachizika, ndipo ngakhale atakupezani ndi matenda enawo, nawonso ali ndi mankhwala ake. Anthu ayankhule, pakamwa ndi pawo, satopa, koma sadzakuthandizani kulera ana amasiye. Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe.

A Feliya mpaka lero amauza anthu kwawo kuti ndinawadula achimwene awo ndi mchere. Poyamba ndinkalimbana nawo, koma pano ndinasiya. Pa za mcherezo akundinamizira, Mulungu ndi mboni yanga. Koma ndikakumbukira dzanja limene linaponya kabotolo kaja m'chimbudzi, mphamvu zowayankha zimandithera.