Foni Inkalira Kamodzi

Anandilanda maliro a ababa anga. Sindinawasambitse, sindinagwire jeneza lonyamulira thupi lawo, sindinalowe m'manda kukawalandira. Mwana wamwamuna ndine ndekha, koma uthenga ndinaumvera pamsewu.

Nthawi ya korona ndinkakhala ku Chileka. Sukulu ndinali nditaisiya kale, ndipo ndinkatsuka matakisi panja pa bwalo la ndege, tsiku lina kunyamula zikwama. Kwathu ku Lirangwe anthu anagamula kuti matendawo amatsika m'ndege, ndipo woyamba kuwatola ndine. Amalume anandiimbira okha.

"Usabwere kuno, wamva? Ababa ako ali ndi shuga. Udzawapha."

"Amalume, ine sindikudwala."

"Usabwere basi."

Ganyu atachepa, mayunitsi anasanduka chinthu chodula. Tinapangana ndi ababa kuti akamaliza swala, pemphero lachisilamu la m'bandakucha, aziflasha kamodzi, inenso ndizibweza kamodzi. Ikalira, ndiye kuti tadzuka amoyo. Kuyankha ayi, ukayankha wamudyera mnzako mayunitsi. Ndinkadzuka foni ili pachifuwa. Ikachedwa pang'ono, ambulasi iliyonse yodutsa ndinkaiona ngati yachokera kwathu.

Mnzawo wa ababa, wogulitsa nsalu, anapita kuchipatala akubanika. Anabwerako ali m'pulasitiki. Anamuika anthu ovala zoyera mpaka kumaso, achibale ataima patali ngati odutsa. Tsiku limenelo ababa anaimba zenizeni.

"Ine asadzandikulunge m'jumbo ngati nyama yapabutchala. Ndikufuna kusambitsidwa ndi madzi, kukulungidwa m'sanda yoyera."

"Ababa, mukangotsokomola ndikubwera kudzakukwezani njinga yamoto. Kuchipatala mukafika, mufune musafune."

"Makani amenewa unatengera amayi ako malemu," anatero akuseka.

Mvula itagwa, maliro anachuluka. Kenako foni inayamba kulira dzuwa litatuluka kale. Ababa sankachedwa swala. Ndinakongola mayunitsi n'kuimba. Anayankha achemwali anga aakulu, amene ankakhala nawo.

"Ali kumunda, akupalira."

"Nanga foni aisiya bwanji?"

"Iwe wasanduka wapolisi?"

Kumbuyo kwawo china chake chinatsokomola, chifuwa chouma, chokoka.

"Ameneyo ndani?"

"Mbuzi. Sunamvepo mbuzi ikutsokomola?"

Anadula.

Mbuzi imatsokomoladi ngati munthu, ndinaziweta ndikudziwa. Masiku amenewo inenso pakhosi pankandikanda. Ndinkati ndikapita n'kuwapeza ali bwino, ndiwasiyira imfa pakhonde. Ndinkati ndikakhala, mwina akubanika pamphasa. Kangapo ndinafika pasiteji n'kubwerera. Nsima sinkatsika. Koma m'mawa uliwonse foni inkalira kamodzi, ine n'kubweza, n'kudziuza kuti munthu wodwala sakumbukira kuflasha.

Lachisanu lina ndikutsuka galimoto, panaima mnyamata wa kabaza wa kwathu, tinaphunzira limodzi. Anatsitsa masiki mpaka pachibwano.

"Aise, pepa zovuta zija. Koma kumanda dzulo sindinakuone."

"Manda a ndani?"

Anatchula dzina la ababa. Ndinatulutsa foni n'kumuonetsa nambala ya ababa. Inali italira m'mawa womwewo. Manja anga anali ndi thovu, foni inkaterera. Iye anabweza masiki, n'kundiuza kuti ndikwere.

Kwathu maliro sagona. Ndinapeza mphasa zitayalulidwa, anthu ochepa atakhala motalikirana pansi pa mango. Atandiona ena anadzuka n'kusuntha. Achemwali anali kuseri akutsuka mbale.

"Ababa anandilumbiritsa," anatero osadzutsa mutu. "Anati ukamva uwanyamula, akafera okha kuchipatala."

"Nanga lero m'mawa? Anaflasha kuchokera kumanda?"

"Ndimati ndikuimbire, chala n'kudula chokha. Ndikanayamba ndi mawu ati, achimwene?"

Amalume anaima patali, mpango kukamwa.

"Tawaika bwino. Asambitsidwa, avala sanda, ashehe aswalitsa. Zimene ankafuna zachitika. Uzithokoza."

Sindinathokoze. Ababa sanayezedwe, ndiye ngati inali korona kapena shuga palibe akudziwa. Kaya kuchipatala akanachira, kaya akanabwera m'pulasitiki muja, sindidziwa, ndipo amene amati akudziwa ndi wabodza. Chimene ndikudziwa n'choti masiku onse aja ndinkabweza moni kwa munthu amene ankabanika, kenako kwa munthu wakufa.

Ndinapita kumanda ndekha. Dothi linali lonyowa, atalisalaza kale. Mapazi a anthu anali paliponse.

Achemwali timalankhulana, koma ndinawauza kuti asadzandiflashenso. Akafuna aziimba, ndimve mawu, ndimve ndi zakumbuyo zomwe. Mpaka pano foni ikalira kamodzi n'kusiya, ndimaimba nthawi yomweyo.

Foni ya ababa anandipatsa ine, akuti chikumbutso. Ili m'chikwama, yozima. Sindinapemphe foni. Mwamuna aliyense amene anafika kumanda tsiku lija anaponyamo dothi katatu ndi dzanja lake, ngakhale wa kabaza uja. Ine ayi. Dothi la manja atatu: limenelo sanandibwezerebe.