Kachipewa Kachikasu

Adiventi ya chaka chimenecho inandipeza pa boma pa Salima, ndikugona pamkeka kuseri kwa chipatala. Mwana wanga wamkazi anali ndi pakati potopa, ndipo anamwino anatiuza kuti tisadikire kumudzi kwa Maganga, tipite kunyumba yodikirira nthawi ikadalipo. Ine ndinapita ngati gadiyani, womuphikira ndi kumuchapira. Mwamuna wake amaphika pa loji ina ku Senga Bay, ndipo Disembala ndi mwezi wa alendo, choncho ankangotulukira pa kabaza tsiku lopuma, atanyamula usipa ndi mango, n'kubwerera dzuwa likadali pamutu.

Chimene chinatithamangitsa msanga ndi mimba yoyamba. Mwana uja anabadwa osalira. Kwathu mwana wotere timati mtayo. Amakaika amayi okhaokha, popanda bokosi, popanda nyimbo, ndipo mayi wake amauzidwa kuti asalire. Ndinamunyamula ndine, ndipo nanenso sindinalire. Pobwerera, amayi ena achikulire anandikokera pambali n'kundiuza kuti tinalakwa kukonzeratu zovala mwana asanaoneke. Zoona, ndinali nditaluka kachipewa kachikasu, ndipo aliyense wodutsa pakhomo ndinkamuimitsa kuti akaone, ngakhale wogulitsa makala. Ndinawayankha mokalipa kuti ulusi wa pamsika sunaphepo munthu. Koma mawu awo anandilowa, ndipo patapita masiku ndinauza mwana wanga kuti akataye kachipewako m'chimbudzi. Iye anangoti wamva.

Ndiye ulendo uno sindinakonze kalikonse ka mwana. Tinatenga beseni, lezala, pepala lakuda la pulasitiki ndi zitenje zakale, basi. Kukhitchini kwa magadiyani amayi ankaonetsana mashawelo ndi timasokosi, ine ndinkanyamula mbaula yanga n'kukaphikira pansi pa mtengo. Ankati ndine wonyada. Sikunali kunyada ayi, anali mantha, ndipo ndinkadzuka nawo m'mawa uliwonse.

Lamulungu lililonse tinkayenda pang'onopang'ono kupita kutchalitchi chapafupi. Kutsogolo ankayatsa kandulo imodzi, sabata yotsatira ziwiri, ndipo pakona achinyamata anali atayamba kumanga kakhola ka udzu kodzagonekamo Mwana Yesu pa Khirisimasi. Modyera ng'ombe munali udzu wofewa, mulibe mwana. Kakhola kameneko kankandikwiyitsa, sindibisa. Ndinkati mumtima, anthu awa sadziwa kuti mwana sakonzeredwa pogona asanabwere? Ansembe nawo anali pa nkhani imodzi sabata ndi sabata, yakuti tikonzeke, tikonze mitima, Mpulumutsi akubwera. Ndinkamva ngati akundinena ine, ngati wina wakawauza za m'chikwama mwathu.

Ndakhala ndikuimba za chipulumutso kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndinkadziwa zoyankha pa katekisimu. Koma pa benchi lija sindinkaganiza za machimo a dziko lonse. Ndinkafuna chinthu chimodzi chaching'ono, mwana wolira. Ndinkauza Mulungu kuti ndimamukhulupirira, kenako ndinkawonjezera kuti ulendo watha uja ndinkamukhulupiriranso. Pemphero lotere silikhalitsa. Ndinkalisiya pakati n'kutembenukira kwa mwana wanga, kumufunsa ngati wam'mimbayo wagunda.

Ndinkamufunsa podya, pochapa, ngakhale akapita kokasamba ndinkaima panja n'kumafunsa. Tsiku lina anaika mbale pansi.

"Amayi, inu ndi amene mukundiopsa," anatero. "Mwana akugunda. Khalani pansi mudye."

Ndinakhala pansi, koma chakudya sichinalowe. Kunja kunali kotentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Mitambo inkasonkhana cha kunyanja masana alionse n'kubalalika osagwetsa kanthu, ndipo obwera kuchokera kumudzi ankati chimanga chimene ena anabzala ndi mvula yoyamba chapsa. Ngakhale zimenezo ndinkaziona ngati malodza.

Matenda anayamba m'mawa wina, sabata imene anayatsa kandulo yomaliza. Ndinamuperekeza mpaka pakhomo la chipinda chochilira, ndipo anandibweza pomwepo monga amachitira ndi gadiyani aliyense. Ndinakhala pakhonde, chikwama chake pamiyendo, korona m'manja. Mikanda inkayenda koma mawu sankatuluka. M'katimo ndinkamva mabeseni, nsapato za anamwino, ndi kubuula kumene ndinkakuzindikira kuti n'kwa mwana wanga. Dzuwa linakwera, mthunzi wa khonde unatha, ine osasuntha.

Chakumasana namwino wina anasuzumira pakhomo.

"Agadiyani, tipatseni zolandirira mwana. Chitenje chofewa ndi chipewa."

Ndinafunsa ngati wabadwa. Anati ayi, koma watsala pang'ono, ndipo iwo amafuna zonse zikhale pafupi. Ndinamupatsa chitenje n'kumuuza kuti chipewa tilibe.

"Mwini wake akuti chili pansi pa chikwama, mu jumbo," anatero namwinoyo. "Fulumirani, mayi."

Ndinapisa dzanja. Pansi penipeni panali jumbo lomangidwa mfundo, ndipo nditamasula ndinaona chikasu chija. Kanali kachipewa komweko, ndi pamalo paja pamene ndinalakwitsa kuluka n'kubwereza. Ndinafuna kukabwezera n'kunena kuti mulibe. Mawu a amayi achikulire aja anabwera onse, ndi njira ija ya kumanda, ndi kupepuka kwa kamtolo kamene ndinanyamula tsiku lija. Mwana anali asanabadwe, ndipo palibe amene akanandilonjeza kanthu. Namwino anali atatambasula dzanja, akuyang'ana m'mbuyo mwake mofulumira.

Ndinamupatsa. Sindinganene kuti mtima unali m'malo. Ndinangoti chamumtima, Ambuye, ndi kameneko, ine ndalephera kumuteteza ndi mantha angawa. Chitseko chinatsekeka.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kubuula kuja kunasiya, ndipo kunakhala chete, chete yemwe uja ndinkamudziwa. Ndinaimirira, ndinakhalanso. Kenako kunamveka kamawu kosasa ngati ka mwana wa mbuzi, kanadukiza, n'kuyambiranso mwamphamvu.

Atandilola kulowa ndinapeza kamtsikana kali pachifuwa pa mayi wake, kachipewa katatsikira mpaka m'maso chifukwa kanali kakakulu. Mwana wanga anandiyang'ana motopa, ngati akudikira kuti ndimukalipire.

"Ndinapita nako kuchimbudzi kuja, amayi," anatero. "Manja anakana. Kanali kokhako kotsala."

Ndinakonza kachipewako kuti ndione nkhope, ndipo mutu unali wofunda. Ndinatuluka msanga chifukwa ndinamva kuti misozi ikubwera. Pakhonde paja ndinakhala pansi n'kuyamba kulira mokweza, kulira kwa pamaliro, kumene ine ndi mwana wanga tinaletsedwa tsiku lija. Amayi a kukhitchini, omwe aja ankati ndine wonyada, anasiya miphika n'kuthamanga, ena atayamba kale kundipepesa. Ndinkayesa kuwauza kuti mwana ali moyo, ndi wamkazi, akuyamwa, koma mawu ankakanika. Mayi mmodzi anandigwira paphewa n'kufunsa kuti nanga ndikulira ndani. Ndinamuuza kuti ndikulira mkulu wake.