Mwala wa Khalaf wa ku Tulaytula

Khalaf ibn Sawwar anabadwa mu 431 pa kalendala ya Chisilamu, mumzinda wa Tulaytula, mwana wa mmisiri wosema miyala. Dzanja lake lolondola ndi limene linamufikitsa kwa akatswiri a zakuthambo. Iwo ankayeza kayendedwe ka dzuwa, iye n'kumagoba mizere yawo pamwala, pakati n'kuimikapo kandodo ka mkuwa. Chithunzithunzi cha kandodoko chikagunda mzere, anthu ankadziwa kuti nthawi ya swala, pemphero la Asilamu, yakwana.

Mzindawo utalandidwa pa 27 Muharram 478, banjali linathawira kumwera, ku Al-Mariya. Nyulu inali imodzi. Khalaf anasenzetsa mwala wake wokongola koposa, chowombera nsalu cha mkazi wake Zumurrud n'kutsala.

"Bambo a Tammam, tikadya mwalawu?" anafunsa Zumurrud, pomutchula ndi dzina la mwana wawo.

"Dekhani, mayi. Mzikiti uliwonse udzaufuna, ndipo ine ndidzakhala wosunga nthawi."

Pa 6 Rabi woyamba, akuluakulu a mzikiti wa osoka nsapato anamulola kuyesa mwalawo pabwalo. Ukalondola, ntchito ndi yake. Masana dzuwa litapendeka, woitanira swala, nkhalamba Ufayr, anaitana swala ya Asr. Chithunzithunzi chinali chisanafike pamzere.

"Mwafulumira, achimwene!" anakuwa Khalaf.

"Ine? Mwala wanuwu watopa ndi ulendo. Upatseni mkate ndi nkhuyu, mwina uyenda."

Osoka nsapato anafa nazo nseko. Mawa lake zinali zomwezo, mkuja wakenso.

Khalaf anakadandaula kwa Ibn Rufayd, katswiri amene anathawa naye limodzi.

"Khalaf, iwe ndi iwe? Suja tinkakuuza kuti mzinda uliwonse uli ndi mizere yake? Kuno dzuwa limakwera kwambiri, chithunzithunzi n'chachifupi. Mwalawu ukupemphera nthawi ya kwathu."

Ankadziwa. Zaka zonse zija ankadziwa, koma pothawa sanaganizeko kuti dzuwa nalonso likakhala la eni.

Ntchito ija akuluakulu anapatsa wina.

"Chowombera changa chikanawomba paliponse," anatero Zumurrud, kamodzi kokha, osabwerezanso. Anayamba kupota ulusi wa anthu.

Ibn Rufayd anati autembenuze mwalawo, amuwerengere mizere yatsopano agobe kumsana. Khalaf anakana kugonetsa Tulaytula chafufumimba. Anauika pakhonde, namasema mphero mpaka imfa yake pa 12 Shawwal 496. Tsiku lililonse Ufayr akaitana Asr, iye ankasuzumira pamwalapo n'kung'ung'udza kuti, "Wafulumiranso."