Galu wa Atelala Sakutsikanso

Atelala, mayi wamasiye amene amasoka m'chipinda chapamwamba cha nyumba yosanja, anakwera ndi galu wawo ali kamwana, atamukumbatira ngati mtolo wa nsalu. Palibe amene anawauza kuti agalu akuluakulu amakalamba msanga. Pazaka zisanu ndi ziwiri zokha, galuyo, wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, anafooka miyendo, masitepe n'kumukanika.

Mwana wawo anabwera ali ndi pakati, masiku atayandikira.

"Amayi, tiyeni mukandidikirire kwathu. Kapena galuyu munachita kubereka?"

"Nditsika naye bwanji?"

"Aneba azimupatsa chakudya."

Galu anali atatsamiritsa chibwano paphazi lawo.

"Pita, mwanawe. Ukachira undiimbire."

Chitseko chitatsekeka, anatenga chikolopa n'kupukuta pamene galu anakodza.