A Senderani ndi Benchi Lomaliza

A Senderani, amene tinawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwa achisanu ndi chimodzi m'nyumba ya zipinda ziwiri, choncho kupanikizana anakuphunzira asanayambe kuyenda. Bambo awo atamwalira, sukulu analekezera panjira n'kuyamba kusoka nsapato pakhonde la sitolo, pakati pa zitini za guluu ndi mulu wa zidendene zakutha. Ntchitoyo anaigwira mpaka manja atayamba kunjenjemera.

Ali ndi zaka makumi atatu, mpingo unawaveka lamba wofiira wa olandira anthu pakhomo. Mabenchi athu anapangidwira anthu asanu ndi atatu, koma iwo ankakhazikapo khumi ndi mmodzi, aliyense n'kumapuma bwinobwino. Ena a ife tinapita ku yunivesite n'kubwerako, samu imeneyi sitinaithebe. Tinkangomva akuti, "Senderani pang'ono, mayi, Mulungu akuonani ngakhale pakonapo." Dzina lija linachokera pamenepo.

Mayesero awo anabwera atatumikira zaka makumi awiri ndi zitatu. Zinamveka kuti mphunzitsi wina wa m'kwaya yathu, mwana wa mkulu wa mpingo, amakhala ndi mwamuna mnzake ngati banja. Komiti inakhala pansi kanayi. Ena anatsegula Baibulo n'kunena kuti achotsedwe, ena anatsegula Baibulo lomwelo n'kunena kuti khomo la Mulungu silitsekedwa ndi munthu. Atalephera kugwirizana anapeza nzeru: mphunzitsiyo azibwera, koma azikhala yekha pa benchi lomaliza, la kukhomo, kufikira nkhaniyo itatha. Bambo ake omubereka anakweza nawo dzanja, maso ali pansi. Chigamulocho anachilemba m'kalata, n'kuwawerengera olandira anthu pakhomo.

Lamlungu loyamba a Senderani anamvera, ndipo tsikulo sanadye. Lamlungu lachiwiri kunagwa mvula, anthu ochedwa ataimirira pakhonde. Iwo anayang'ana benchi lija, anayang'ana anthuwo, n'kuyamba kuwalowetsa mmodzimmodzi, n'kumawakhazika pa benchilo.

Mapemphero atatha, mlembi wa mpingo anawakokera pambali.

"Achimwene, kalata ija simunaimve? Kapena mwayamba kugwirizana nazo zimenezi?"

"Alembi, ine ndine wosoka nsapato. Nkhaniyo imandizunguza mutu ngati mmene ikukuzunguzirani inu, ndipo ndimaipempherera. Koma mwanayu ndinamulowetsa pakhomo pano ali kumbuyo kwa mayi ake. Ndimukhazike yekha ngati wodwala chifuwa chachikulu?"

"Mukapitiriza, lambayo muvula."

A Senderani lambayo ankamukonda, ankamusita okha Loweruka lililonse, osalola ngakhale akazi awo kumukhudza. Anamupinda bwinobwino, namupereka ndi manja awiri.

Sabata yotsatira anafika opanda udindo uliwonse, ndipo poti kalata ija inkalamula olandira anthu okha, anakakhala pafupi ndi mphunzitsi uja. Akazi awo anakana kaye. "Bambo a ana, zaka zonsezi ndakhala kutsogolo, lero ndikakhale komwe kumawomba mphepo?" Patapita milungu itatu anawatsatira, atanyamula juzi ziwiri.

Anakhala pa benchi limenelo zaka zisanu ndi zinayi. Ena anasiya kuwapatsa moni, ena anasamutsa nsapato zawo kupita kwa wosoka wina, ngakhale ambiri anabwerera zidendene zitayambanso kugwa. Sanatsutsane ndi munthu pamsonkhano, sananyoze komiti. Wina akawafunsa kuti ali mbali iti, ankati, "Ndili kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Bwerani mudzandipeze." Nyimbo ankayimba mokweza ndiponso molakwitsa, mphunzitsi uja n'kumawakonza chapansipansi.

Atadwala, sanavutitse munthu. Masana a tsiku lawo lomaliza anapempha kuti awatulutsire mpando padzuwa. Akazi awo anawawerengera salimo, iwo anavomera kuti amen, n'kutseka maso ngati munthu wotopa ndi ntchito yabwino.

Nkhani ija komiti sinaimalizebe, ndipo m'kalata ya mpingo ino sitingaimalize. Tingonena zimene tinaona Lamlungu lotsatira maliro. Mphunzitsi uja anakhala pamalo pake, akazi a malemuwo kumanzere kwake, kumanja kwake kuli mpata. Nyimbo yoyamba ili mkati, analowa bambo a mphunzitsiyo, amene kwa zaka zonsezo ankadutsa benchilo osacheuka. Anaima, chipewa chili m'manja.

"Bondo langali," anatero, osayang'ana aliyense. "Kutsogolo kwatalika."

Anakhala pansi. Magalasi anali ataiwala kunyumba, choncho mwana wawo anawayandikizira buku la nyimbo, n'kumawalozera mzere ndi chala.